CIFUKWA NINJI MKANGO NDI NYALUGWE ZILOWA M'TAUNI?

Alimi ambiri a masiku ano anabadwa, nakula, namanga mabanja, osamvapo mkango ulikubangula. Nkhani za mikango anazimva kwa agogo ao poota moto madzulo. Komabe nthawi ndi nthawi timamva pa wailesi kuti mkango waoneka pa mseu wa galimoto m'mzinda wakuti, kapena kuti nyalugwe wapezeka atabisala m'nyumba ya sukulu. Ndipo m'midzi yoyandikana ndi nkhalango zosungira nyama, mlimi akadzuka mamawa napeza mbuzi yasowa m'khola, galu osaoneka, ndi mapazi acilendo pa dothi lonyowa, mtima wace sukhala m'malo.

Zikacitika zotere anthu afulumira kunena kuti, "Cirombo cimeneci ncotumidwa," kapena kuti, "Ameneyu ndi munthu wasanduka." Ena atenga zibonga, mikondo ndi miyala nathamangira komweko, ana ali pambuyo. Maganizo otere ndiwo abvulazitsa anthu. Mkango ndi nyalugwe ziri ndi makhalidwe ao monga momwe ng'ombe ndi nkhuku ziri nao, ndipo anthu amene anatha zaka zambiri alikuzipenyerera m'thengo anawalemba bwino makhalidwewo. Munthu akawadziwa adziwanso cimene cacotsa cirombo kwao, cimene cirikufuna pakhomo pace, ndi cimene iye ayenera kucita kuti asataye ziweto kapena mwana.

TIYAMBE NDI MPHAKA WA PANKHOKWE

Mkango, nyalugwe, kakwio, njuzi, bvumbwe ndi mphaka wa m'nyumba, zonsezi nza fuko limodzi. Mukafuna umboni penyani phazi. Mphaka poyenda abisa zikhadabo zace, cotero pa dothi pamaoneka zala zinai zobulungira ndi cidendene, popanda zikhadabo. Mkango ndi nyalugwe zicita cimodzimodzi. Koma galu ndi fisi sangathe kubisa zikhadabo, ndipo phazi lao lioneka ndi timaenje tosongoka kutsogolo kwa zala. Phazi la nyalugwe likula ngati cikhatho ca munthu osawerengera zala. La mkango likula ngati dzanja lonse la munthu wamkulu. Mlimi wodziwa zimenezi sadzanamizira mkango mlandu wa fisi.

Mphaka wa m'nyumba kholo lace ndi bvumbwe. Zaka ngati 10,000 zapitazo, anthu a maiko a ku Middle East atayamba kulima tirigu ndi kumsunga, makoswe ndi mbewa anadza kudzadya. Bvumbwe anatsata makoswewo, anthu anaona kuti alikuwathandiza, namleka. Palibe anapita kuthengo kukamuitana. Cinamuitana ndi cakudya.

Penyaninso makhalidwe a amphaka pa mudzi. Pamene cakudya ciri cocepa, mphaka ali yense ayenda yekha nasunga dera lace. Koma pamene pali cakudya cambiri, monga pa cigayo kapena pa msika, amphaka aakazi apacibale akhala pamodzi, ndipo nthawi zina ayamwitsirana ana. Aamuna ndiwo ayendayenda kutali, namenyana usiku pa madenga. Makhalidwe awiriwa, kukhala wekha ndi kukhala pagulu, ndiwo asiyanitsa nyalugwe ndi mkango.

MUDZI WA MIKANGO

Mwa amphaka onse a m'thengo, mkango wokha ndiwo umanga mudzi. George Schaller anayamba kupenyerera mikango ya ku Serengeti m'dziko la Tanzania m'caka ca 1966, ndipo ena anapitiriza nchitoyo zaka makumi angapo, mpaka anadziwa mkango uli wonse ndi mai wace.

Cimene anapeza sicacilendo kwa ife amene tidziwa cikamwini. Eni mudzi wa mikango ndi yaikazi: mai, ana ace aakazi, abale ace ndi adzukulu. Imeneyi ndiyo mbumba. Mkango waukazi kawirikawiri ufera m'dera limene unabadwira. Yaikaziyi isaka pamodzi nyama zazikulu monga mbidzi, nyumbu ndi njati, zimene mkango umodzi sungazigwetse msanga. Ikhala ndi pakati masiku ngati 110, nibala ana awiri, atatu kapena anai. Ndipo ikabala nthawi imodzi ilerera anawo pamodzi, mwana nayamwa ngakhale kwa mai wace wamng'ono.

Mbumba iri yonse iri ndi malire ace, ndipo siilola mikango yacilendo kulowa. Kubangula kumene kumveka usiku, mtunda wofika makilomita 8, ndiko kulengeza kuti malo ano ali ndi eni ace. M'caka ca 1994 Karen McComb ndi anzace anafalitsa zimene anaona atayesa mikango ya ku Serengeti ndi mau ojambulidwa pa makina. Yaikazi ikamva mau a mlendo mmodzi, iyo iri yambiri, inapita kukamthamangitsa. Ikamva alendo atatu, iyo iri yocepa, inazengereza. Mkango uwerenga adani ace usanayambe ndeu.

Yaimuna ndiyo akamwini. Sibadwira m'mudzimo, ndipo siikhalitsa. Imabwera iwiri, itatu kapena kuposa, kawirikawiri yapacibale, nimenyana ndi yaimuna imene yaipeza. Ikapambana ilanda mudzi. Nchito yace ndi kulonda malire ndi kuchinjiriza ana kwa yaimuna ina. Mkango waumuna wokhwima ulemera ngati matumba atatu kapena anai a cimanga a makilogalamu 50, koma ufumu wace ngwa zaka ziwiri kapena zitatu cabe, ukakhalitsa zinai, pamenepo ena amphamvu adzaulanda.

Tsiku lolanda mudzi ndi tsiku la tsoka. Akamwini atsopano apha ana oyamwa amene awapeza, pakuti mkango waukazi woyamwitsa sulola mwamuna, koma ana akafa ulola msanga. Apitikitsanso anyamata onse a zaka ziwiri kapena zitatu. Motero nthawi zonse pamakhala mikango ya mitundu itatu yopanda kwao: anyamata opitikitsidwa, nkhalamba zolandidwa mudzi, ndi waukazi amene wathawitsa ana ace kuti angaphedwe.

Kale mikango yotere inkalowa m'thengo lina, niyendayenda kufikira itapeza malo. Lero thengo lija ndi minda, miseu ndi nyumba. Mkango ukathawa anzace m'nkhalango, kutsogolo kwace kuli mudzi wa anthu.

MIKANGO YOPANDA KWAO

Tione nkhani ziwiri, ya mnyamata ndi ya nkhalamba.

M'mwezi wa June 2015, ku South Africa, mkango waumuna wa zaka zitatu, umene anaucha Sylvester, unatuluka m'nkhalango ya Karoo pansi pa mpanda. Unali wothamangitsidwa ndi yaimuna yaikulu. Unayenda makilomita oposa 300 m'minda ya ziweto kwa masabata atatu ndi masiku, nupha nkhosa 28, ng'ombe imodzi ndi ngoma imodzi, usanagwidwe ndi mfuti ya mankhwala ogonetsa. Anaubweza m'nkhalango yomweyo, momwe munali adani ace aja, ndipo mu March 2016 unatulukanso. Pamenepo anazindikira kuti bvuto silinali mpanda wokha. Anausamutsira ku dera la nkhalango ya Addo, nauika pamodzi ndi mnzace wamphongo wamng'ono ndi mikango yaikazi. Cimene unali kufuna sizinali nkhosa. Unali kufuna mudzi.

Nkhani yaciwiri nja ku Nairobi, likulu la Kenya, mzinda wa anthu oposa mamiliyoni anai. Nkhalango yosungira nyama ya kumeneko, imene inakhazikitsidwa mu 1946, iri pa mtunda wa makilomita 7 okha kucokera pakati pa mzinda. Mbali zitatu kuli mpanda, koma kumwera nkotseguka kuti nyama zizipita kukadya ku zidikha za Kitengela. Kumeneko nako anthu amanga nyumba ndi mipanda yambiri.

Mu February 2016 mikango ingapo inatuluka usiku nilowa cakufupi ndi nyumba za anthu. Ina inabwerera yokha kusanace, osabvulaza munthu. Pa 18 March mkango waumuna unapezeka pa mseu waukulu wa Mombasa Road mamawa, nthawi imene anthu apita ku nchito. Oyendetsa galimoto anaima nayamba kuliza mahutala ndi kujambula zithunzi. Mkangowo unasokonezeka, nubvulaza mkulu wina wa zaka 63 amene anali kuyenda pansi.

Pa 30 March mkango wina wochuka wa m'nkhalangoyo, dzina lace Mohawk, unapezeka ku Isinya, kumwera kwa mzinda. Unali ndi zaka 13, ndipo ku mkango waumuna zimenezo ndi zaka za ukalamba, pakuti yambiri siifika pamenepo. Khamu la anthu linauzinga, ena alikupfuula, ena alikuponya miyala. Posowa potulukira unakantha munthu wa pa njinga yamoto. Alonda amene anafika poyamba analibe mankhwala ogonetsa, anali ndi mfuti za zipolopolo zokha, ndipo anauombera pamaso pa anthu.

Zindikirani cinthu cimodzi m'nkhani za ku Nairobi izi. Mikango imene inayenda usiku popanda woizinga inabwerera kwao mwamtendere. Imene inabvulaza anthu ndi imene inazingidwa ndi phokoso masana.

NYALUGWE AKHALA YEKHA

Nyalugwe, amene ena amucha kambuku, makhalidwe ace ngosiyana. Alibe mudzi. Mwamuna ali ndi dera lace lalikulu, ndipo m'kati mwace muli madera ang'onoang'ono a akazi awiri, atatu kapena kuposa. Akomana pa nthawi yokwerana yokha. Masiku ena onse alankhulana ndi zizindikiro: mkodzo pa citsamba, zikhadabo pa khungwa la mtengo, ndi kulira kwace kumene kumveka ngati munthu alikuceka thabwa ndi maceka. Nyalugwe wina akanunkhiza pfungo adziwa kuti pano pali mwini, nalambalala.

Mai alera yekha ana ace, mmodzi, awiri kapena atatu. Akatha caka ndi theka kapena zaka ziwiri, anawo apatukana naye. Mwana wamkazi kawirikawiri apeza malo pafupi ndi mai wace. Mwana wamwamuna ayenera kupita kutali, pakuti nyalugwe wamkulu wa m'deralo samlola. Anyamata otere, osadziwa njira, ndiwo amasokera m'tauni, kukawacera ali m'kati mwa nyumba za anthu, nabisala m'ngalande, m'galaja kapena m'nyumba yosatha kumanga.

Koma si nyalugwe ali yense wa pafupi ndi anthu amene ali wosokera. Mkango m'tauni ndi mlendo. Nyalugwe angathe kukhala nzika. Ngwamng'ono thupi, ayenda usiku, akwera mitengo ndi makoma, ndipo sasankha ndiwo: gwape, nyani, mwana wa nguluwe, kalulu, khoswe, nkhuku, mbuzi, ndiponso galu, amene amkonda koposa. Angathe kukhala zaka m'phiri la kuseri kwa mudzi, anthu osamuona ndi tsiku limodzi lomwe.

Dziko limene zimenezi zaoneka kwambiri ndi India, kumene kuli anyalugwe a mtundu womwewu. M'kati mwa mzinda wa Mumbai, umene pamodzi ndi madera ozungulira uli ndi anthu oposa mamiliyoni 20, muli nkhalango ya Sanjay Gandhi, ndipo m'menemo mukhala anyalugwe oposa 40. Usiku atuluka kukasaka agalu osowa mwini amene adya pa milu ya zinyalala. Ku Akole, dera la minda ya nzimbe m'cigawo ca Maharashtra, Vidya Athreya ndi anzace anapima ndowe za anyalugwe napeza kuti pa magawo 100 a cakudya cao, 87 anali nyama za pakhomo, ndipo agalu okha anali magawo 39. Anyalugwewo anali kubala ana m'nzimbe, anthu alikugwira nchito pafupi.

Ku India komweko anaphunzira phunziro lowawa. Ku dera la Junnar, kuyambira 2001, anayamba kugwira anyalugwe m'misampha ya zitsulo ndi kukawataya ku nkhalango zakutali, poyesa kuti alikuchinjiriza anthu. Asanayambe kutero, anthu ogwidwa ndi nyalugwe anali ngati anai pa caka. Atayamba, anafika 17 pa caka. Nyalugwe wozolowera dera lace adziwa nthawi imene anthu ayenda, nawapewa. Mukamtaya ku malo acilendo, ali ndi mantha ndi zironda za mumsampha, ayesa kubwerera kwao kupyola m'midzi imene saidziwa. Ndipo malo amene wasiya sakhala opanda kanthu: mnyamata wina wosadziwa anthu alowamo. Nyalugwe wakale amene sanalakwire munthu ali ngati mlonda woletsa alendo.

Za khamu la anthu nazo nzofanana. Mu February 2016 nyalugwe analowa pa sukulu ina mu mzinda wa Bangalore. Panapita maola ngati khumi asanagwidwe, ndipo anabvulaza anthu asanu ndi mmodzi mwa amene anali kuyesa kumgwira. Nyalugwe wopanikizidwa pangodya athamangira munthu amene watseka njira yace.

KUMUNDA: NGULUWE NDI MWEZI

Ngakhale nkhani za m'tauni ndizo zimveka pa wailesi, amene ali pa ngozi yeniyeni ndi mlimi. Craig Packer ndi anzace anawerenga kuti ku Tanzania, kuyambira 1990 kufikira 2005, mikango inapha anthu oposa 560 ndi kubvulaza oposa 300, makamaka m'maboma a kumwera monga Rufiji ndi Lindi. Ngozi zambiri zinacitika nyengo ya masika, kuyambira March kufikira May.

Cifukwa cace ncimene mlimi ali yense adzacimva msanga. M'madera amenewo nyama zazikulu zinali zitatha, koma nguluwe zinaculuka. Nguluwe zinkadya m'minda usiku, alimi ankagona m'zirindo zosalimba kuti azipitikitse, ndipo mikango inkatsata nguluwezo mpaka m'munda. Pofuna nguluwe inapeza munthu ali m'tulo m'kamsasa ka udzu.

Anthu omwewo anapezanso, nafalitsa mu 2011, kuti ngozi ziculuka kuyambira cisisira kufikira 10 koloko usiku, makamaka m'masiku khumi otsatira mwezi wathunthu. Mwezi ukawala usiku wonse mkango ulephera kugwira nyama, pakuti ziuona uli kutali, motero ukhala ndi njala. Mwezi ukayamba kucedwa kutuluka, madzulo kuli mdima bii, anthu akali kuyenda panja, ndipo mkango wanjala uja uli pafupi. Masiku a mdima wa madzulo amenewo ndiwo oyenera kusamala koposa.

NANGA KUNO KWATHU?

M'Malawi munali anthu mamiliyoni anai pa kalembera wa 1966. Pa kalembera wa 2018 anapitirira mamiliyoni 17. Thengo limene linali pakati pa midzi lasanduka minda ya cimanga ndi fodya, ndipo mitengo yambiri yathera m'zigafa, m'mabalani ndi m'makala. Mikango inali itatha m'nkhalango zambiri. Koma bungwe la African Parks, pogwirizana ndi Boma, linabwezeretsa anyalugwe ku Majete m'boma la Chikwawa kuyambira 2011, mikango mu 2012, ndiponso akakwio ku Liwonde mu 2017 ndi mikango mu 2018. Nkhalango ziwirizi nzozingidwa ndi mpanda wa waya wamagetsi. Ku Nyika kuli anyalugwe, ndipo mikango yoyendayenda yocokera ku Zambia nthawi zina imaoloka malire.

Mikango ikaswana m'nkhalango, anyamata opitikitsidwa adzakhalapo ndithu, pakuti ndico cibadwa cace. Cimene ciwaletsa kufika ku khola lanu ndi mpanda. Munthu amene adula waya wa mpandawo kuti akachere misampha kapena kuti alowe kukatema nkhuni, watsegulira cirombo citseko ca mudzi wace womwe. Ndipo amene atha mbawala ndi agwape ndi misampha, wasiyira nyalugwe mbuzi zokha. Kumbukiraninso kuti nyalugwe adya ana a anyani ndi a nguluwe, adani a cimanga canu.

ZOYENERA KUCITA

Za khola. Mangani khola la ng'ombe ndi mitengo yolimba, yothithikana, yotalika kuposa munthu, ndi citseko ca matabwa, osati nthambi ya minga yongotsekera. Mkango kawirikawiri sulumpha kulowa m'khola. Uzungulira kunja kuti ng'ombe zicite mantha, zithyole khola zokha ndi kubalalika. Cotero tsekani mipata ndi bango kapena mapesi kuti ng'ombe zisaone kunja. Khola la mbuzi likhale la m'mwamba, lofolera ndi lotseka ponseponse, pakuti nyalugwe alowera padenga, ndipo akalowa m'khola lotsekeka angaphe mbuzi zambiri usiku umodzi. Ziweto zilowe dzuwa lisanalowe. Musasiye mbuzi yomangirira ku dambo madzulo.

Za kuunika. Mnyamata wina wa Cimasai wa ku Kitengela, Richard Turere, ali ndi zaka ngati 11, anaona kuti mikango siyandikira khola la atate wace pamene iye alikuyenda ndi toci. Anatenga batire ya galimoto, kacipangizo kophethiritsa nyali za njinga yamoto ndi mababu a toci, nazimangirira pa mizati ya khola kuti ziziyaka mosinthana usiku wonse, ngati munthu alikuyendayenda. Njira imeneyi inafalikira m'midzi yambiri ya ku Kenya. Nyali yongoima pamodzi siopsa mkango. Iopa kuwala koyenda.

Za pakhomo. Musaunjike zinyalala ndi matumbo a nyama pafupi ndi nyumba, pakuti zimenezi ziitana agalu, ndipo agalu aitana nyalugwe. Agalu akayamba kusowa m'mudzi mmodzimmodzi, dziwani kuti mwina pali nyalugwe pafupi. Lambulani chire lozungulira nyumba, khola ndi cimbudzi. Pokalowa m'cigafa kapena m'balani imene yakhala masiku osatsegulidwa, yambani mwagogoda ndi kuima pambali pa khomo.

Za ana. Zikamveka kuti m'dera muli cirombo, ana asatumidwe okha kumjigo, kudimba kapena kogula mcere madzulo ndi mbanda kuca. Popita ku sukulu ayende pagulu alikulankhula. Munthu wonjuta kapena wowerama aoneka wamng'ono ngati nyama. Cifukwa cace musapite kuthengo usiku kukadzithandiza, ndipo mwana aperekezedwe ku cimbudzi ndi nyali.

Za cirindo. Mukalonda cimanga, mangani cirindo pa nsanja yaitali, ca mitengo yolimba, ndi citseko. Gonani awiri, moto uli kuyaka. Musatsike kukathamangitsa nguluwe mumdima muli nokha.

Mukakomana naco. Musathawe, pakuti mphaka ali yense athamangira cinthu cothawa, ndipo palibe munthu angapose mkango liwiro. Imani cowongoka, nyamulani mwana, ndi kubwerera cambuyo pang'onopang'ono osacifulatira. Cikayamba kukuyandikirani, kwezani manja ndi kupfuula ndi mau akulu. Musaime pakati pa cirombo ndi thengo limene cifuna kuthawira, ndipo musayandikire ana ace kapena nyama imene cagwira.

Cikalowa m'mudzi kapena m'tauni. Lowetsani ana ndi ziweto m'nyumba, tsekani zitseko. Ngati calowa m'nyumba kapena m'cigafa mopanda munthu, tsekani citseko kunja mwakacetecete ndi kucokapo. Tumizani mau msanga kwa a mfumu, kwa apolisi ndi kwa alonda a Boma oyang'anira nyama za kuthengo, ndipo munene poyera kuti ndi mkango kapena nyalugwe, kuti adze ndi mankhwala ogonetsa. Nchito yaikulu ya a mfumu ndi akuluakulu pa tsikulo ndi kuletsa khamu. Anyamata ofuna kujambula ndi lamya abwezedwe. Kuona maso a nkhono nkudekha: cirombo cosazingidwa kawirikawiri cicoka cokha kukada.

Cikagwira ciweto. Musapite kukalanda nyama, pakuti mwini wace ali pafupi ndipo adzabwerera. Musathire mankhwala akupha pa nyamayo. Poizoni apha miimba, afisi, agalu a m'mudzi, ndipo angaphe ndi anthu amene atole nyamayo osadziwa. Musachere msampha wa waya: cirombo copunduka ndi msampha sicithanso kugwira nyama za m'thengo, ndipo ndico cisanduka mbala ya mbuzi. Dziwaninso kuti lamulo la nyama za kuthengo linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo kupha mkango kapena nyalugwe, kapena kusunga cikopa cace popanda cilolezo, ndi mlandu waukulu.

Munthu akabvulazidwa. Zikhadabo ndi mano a zirombozi ziri ndi litsiro la nyama yoola, ndipo bala lace, ngakhale lioneke laling'ono, lilowa m'kati ndi kutukusira msanga. Tsukani ndi madzi ambiri ndi sopo, mangani ndi nsaru yoyera, ndi kupita naye ku cipatala tsiku lomwelo.

MAU OTSIRIZA

Mwina ena mwa inu mudzati, "Kwathu kuno kulibe mkango; nkhani iyi nja anthu a ku Chikwawa ndi ku Machinga." Koma mkango wa ku Karoo uja unayenda makilomita 300 m'masabata atatu, ndipo alimi a nkhosa amene unawapeza naonso sanali kuuyembekeza. Caona mnzako capita, mawa ciona iwe. Khola lolimba licinjirizanso ziweto kwa fisi ndi kwa mbala za miyendo iwiri, motero nchito yomanga siipita pacabe. Ino ndiyo nkhani yoti mukambirane pa bwalo la a mfumu cirombo cisanafike: ndani adzatumiza mau, ndani adzasonkhanitsa ana, ndi ndani adzaletsa khamu.